Dziko Lomwe Ndinaumba Pansi pa Bedi

Lolemba

Mwana wanga akuyitanidwa ku Jeremani. Ndilembenso kuti cholembera chizolowere: mwana wanga Tiyamike, amene ndinamubala ine ku Dedza, azungu akumuyitana kuti akapitirize sukulu, ndipo zonse alipira okha. Lero m'sitima kuchokera ku Langa, komwe ndimakhala, ndakhala ngati mwini sitimayo.

Vuto ndi limodzi: achimwene.

Achimwene a Lyson ndiwo mwini mbumba. Ndi amene ananditengera kuno ku Cape Town bambo a Tiya atamwalira, ndipo kwathu mwana sapita kutali atsibweni ake asanavomere. Amayendetsa thirakitala kumunda wa maapozi ku Ceres. Ati abwera Loweruka kudzagamula nkhaniyi, koma mmene amalankhulira pafoni dzulo, agamula kale. Ati amupezera Tiya ntchito mu ofesi ya kumundako, ya mpando wozungulira. Ndiye ati: "Mtsikana wamkulu chonchi akaphunzire za fumbi? Limene akusesa amake silikukwana?"

Zandiwawa. Zandiwawa chifukwa n'zoona, Tiya amaphunzira za fumbi. Ine ndathera msana m'nyumba za anthu kumenyana ndi fumbi kuti mwana wanga asadzagwire tsache, iye wakafika mpaka ku yunivesite n'kukasankha fumbi lomwelo. Poyamba nanenso ndinkabisa. Kumsonkhano wa amayi ndinkangoti amaphunzira za nyenyezi.

Koma dzulo anandifotokozera bwinobwino tikusenda mbatata. Akuti dziko lino, ndi ena onse ozungulira dzuwa aja, anayamba ngati fumbi loyandama m'mlengalenga. Tinthu ting'onoting'ono zedi, moti mphamvu ija imakokera zinthu pansi sinkatha kutisonkhanitsa. Nanga chinkatimata n'chiyani? Akuti mphamvu ziwiri. Yoyamba ili ndi dzina la mzungu wina wa ku Holland, lilime langa lalikana: tinthu tiwiri tikakhudzana pafupi kwambiri timangogwirana tokha, popanda guluu. Yachiwiri ndi timagetsi tija timathetheka ukamavula juzi, tomwe timakumatira pitikoti kumiyendo tsiku la mgonero anthu onse akuona. Ndinamufunsa kuti nanga Mulungu? Akuti: "Amayi, ine ndikungofuna kudziwa mmene anaumbira." Yankho la mwana wophunzira limenelo.

Ndipo akuti timibulu ta fumbi tija timakula tokha pansi pa bedi, kagwiranidwe kake n'komweko. Apo ndiye ndinasiya mpeni.

Achimwene sakhulupirira chinthu asanachigwire m'manja. Ngakhale vwende amaligogoda, kulinunkhiza, n'kuligogodanso. Choncho Loweruka ndiwayikira m'dzanja dziko laling'ono, loumbidwa ndi fumbi lokhalokha. Tiya sindimuuza, angandiletse.

Zofunika:
fumbi labwino (lili kwa adona ku Wynberg, komwe ndimagwira ntchito),
kontena ya ayisikilimu,
malo obisika,
mtima wodekha (umenewu ndibwereka).

Lachiwiri

Kwa adona. Chiyambireni ntchito, fumbi ndikaliona ndimalipitikitsa. Lero ndikugwada m'chipinda cha alendo ndi supuni, kulitola mofatsa ngati bowa. Kuseri kwa sofa ndapeza timibulu tonenepa bwino. Ndiyenera kuchita manyazi kuti tinandizemba sabata yatha, koma ndikusangalala. M'makina oumitsira zovala muli lina lofewa ngati thonje, ndatenganso.

Adona andipeza ndikutseka kontena. Ayang'ana ine, ayang'ana fumbi, ndiye ndi mawu achifundo aja: "Zonse zili bwino kunyumba?" Ndawafotokozera m'Chingerezi changa chapamwamba: dzuwa, fumbi, Jeremani. Ati n'zodabwitsa, n'zodabwitsa kwambiri. Kenako abwera ndi thumba lonse la m'huva, makina okoka fumbi aja, kuti andithandize. Ndakana mwaulemu. M'menemo theka ndi ubweya wa galu, ndipo dziko la galu ine sindiumba.

Pa renki ya matekisi mphepo ija ya mzinda uno yadzuka, yogwetsa zipewa ija. Ndatsegula pang'ono kuti ndione ngati tayamba kugwirana. Pang'ono chabe! Theka la dziko langa lauluka kulowera kuphiri. Lina lagwera m'maso mwa bambo wogulitsa nthochi, wanditukwana m'Chiafirikanzi. Mwayi wake sindimva zonse.

M'tekisi kontena ili pamiyendo, manja onse awiri pachivindikiro. Mayi wapambali akufunsa ngati muli makeke. Ndati ayi, ndi za sukulu ya mwana wanga, ali ku yunivesite, akupita ku Jeremani. Sanafunse zimenezo koma wazimva, pamodzi ndi mpando wonse wakumbuyo.

Lotsalali likwana. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Lachitatu

Ndayesa kulibulungiza m'manja ngati mandasi. Likunyenyeka. Ndayesa kukhutchumula kontena kuti tinthuto tikumanekumane. Ndiye ndaononga, timibulu tonse taphwanyika, ine kuyetsemula mpaka misozi.

Ndafunsa Tiya mochenjera, ngati munthu wongofuna kudziwa. Watumiza mawu pafoni: "Tikagundana mwamphamvu timasweka, Amayi, tiyenera kukhudzana mofatsa. Komanso tikakula ngati njere za mawere timayamba kungonjanjana osagwirana. Apo mpamene timagetsi tija timathandiza. Pokhulana, tina timatenga magetsi amtundu wina, tina amtundu wina, n'kumakokana. N'zimene ndikukafufuza kumeneko. Ali ndi nsanja yayitali, amagwetseramo fumbi n'kumalijambula lisanafike pansi."

Ndamvetsera mobwerezabwereza. Akamafotokoza amamveka ngati owerenga nkhani pawailesi. Ine sukulu ndinalekera panjira, koma amene anabala ameneyu ndine.

Akuti ndikafuna kuona timagetsito ndikhule baluni patsitsi. Ndagula mabaluni kushopu ya Msomali. Wandifunsa kuti phwando ndi la ndani. Ndati la dziko lonse lapansi. Sanaseke.

Patsitsi langa sizikutheka, ndinadzola mafuta ambiri. Ndiye ndakumbukira wigi yanga ya kutchalitchi. Ndayiveka botolo, ndakhula, ndakhula, ndayandikitsa baluni kufumbi.

Abale inu! Ladumpha lokha! Fumbi kunyamuka m'kontena kukakwera baluni ngati alitchula dzina. Ndaligwetsera mofatsa pambale ndi nsonga ya kapepala, tina pamwamba pa tinzake, ndipo tikugwirana ndithu. Ndavina ndekha m'kachipinda kano mpaka ndagunda chidebe cha madzi.

Madzulo ano dziko langa lakula ngati dzira la nkhunda. Ndaliyika pambale ya alendo, ya maluwa ija, chifukwa ndiyo yosalala. Lili pansi pa bedi, komwe mphepo sifika.

Lachinayi

Ndadzuka, ndagwada, ndasuzumira. Lilipo. Ndapemphera ndili pomwepo, poti ndinali nditagwada kale.

Amastandi, mayi mwini yadi ino, agogoda ndisanamwe tiyi. Ati anthu andiona pawindo ndikusisita mutu wopanda thupi ndi chinthu chofiira, ndipo pa yadi pawo safuna za mankhwala. Ndawalowetsa, ndawaonetsa. Ayang'ana nthawi yayitali, ndiye ati: "Sisi, kwathu kuno chimenechi timachitcha uve." Ndati ayi, chimagwirana ndi magetsi. Apo ndiye maso atuzuka, ati n'chifukwa chake mayuniti akutha msanga. Ndalumbira kuti si magetsi a mu mita. Achoka asakukhulupirira, koma ati mwanayo akamapita adzawatsanzike, ndi waulemu, amapereka moni ngakhale akuthamangira sitima.

Funso loyenera kufunsa Lolemba ndalifunsa lero: kodi dziko limatenga nthawi yayitali bwanji kuti liumbike? Tiya akuti zaka mamiliyoni. Ine ndili ndi mpaka Loweruka.

Satana wabwera ndi malangizo ake:
sitachi ya adona yopopera malaya,
kaphala ka ufa woyera,
mankhwala oumitsa tsitsi,
malovu.

Ndayesa sitachi pa kachidutswa kapadera. Kasanduka matope. Zakhala bwino, ndikanagwa m'tchimo. Achimwene akafunsa ngati muli guluu ndikufuna ndiwayang'ane m'maso.

Ndabweretsa fumbi lina kuchokera ku Wynberg, ulendo uno chivindikiro ndachimanga ndi lamba. Nyumba ya adona sinayerepo chonchi. Ati kaya ndadya chiyani sabata ino.

Chodabwitsa china: mabaluni awiri ukawakhula pa wigi imodzi amathawana. Tiya akuti magetsi ofanana amakankhana. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake ine ndi alamu anga a Nambewe, akazi a achimwene, sitikhalitsa m'khitchini imodzi. Tonse ndife aukhondo, ndipo aliyense amadziwa kuti mnzakeyo amaphonya m'makona.

Dziko lafika pa ndimu. Wigi yatha, yayima njoo ngati ya munthu woona mzukwa. Lamulungu ndivala duku, palibe kanthu. Wigi ya mayi wa mwana wophunzira imatero.

Lachisanu

Kunja kwasintha. Mitambo yameza phiri, mvula ikuwaza, makoma akuchita thukuta. Ndakhula baluni mpaka mkono kuwawa. Fumbi lili phee, ngati silikundidziwa. Tiya ananenapo kuti chinyezi chimathawitsa timagetsito. Mzinda uno! Sabata yonse mphepo, lero mpamene wakumbukira mvula.

Ndayatsa ayironi n'kuyiyimika pafupi kuti iumitse mpweya. Amastandi atsokomola kunja kwa windo. Ndathimitsa.

Komabe lilipo, ndipo ndinene zoona, ndi lokongola. Lotuwa, lozungulira ndithu ukaliyang'anira chakumanzere, lalikulu ngati lalanje laling'ono. Ukapuma pafupi limanjenjemera koma silisweka. Muli fumbi la ku Wynberg, la ku Langa, ulusi wa juzi ya abwana, ndi kaubweya kamodzi ka galu kamene kanandizemba.

Ndayeseza mawu pagalasi: "Achimwene, tambasulani dzanja. M'menemu mulibe guluu. Umu ndi mmene linayambira dziko limene mumalimalo, ndipo amene akukafufuza zimenezi ndi mbumba yanu." Ndiye iwo adzaligwira, adzalinunkhiza, basi nkhani yatha. Bola asaligogode.

Achimwene ndi alamu afika lero madzulo m'malo mwa mawa, ati anapeza galimoto yobwera kuno. Thumba la maapozi, ambulera yothyoka. Achimwene akagona kwa mnzawo wa ku Ntcheu kutsidya kwa msewu, alamu agona ndi ine. Maso a alamu ayenda kale pa shelefu, pamwamba pa chitseko, kuseri kwa ketulo. Sanapeze kanthu, ndipo ndaona kuti zawakhumudwitsa. Mbale ija ndayikankhira mkati ndi phazi, mofatsa, n'kugwetsa nsalu ya pabedi mpaka pansi.

Ndiwauze? Ayi. Chimene alamu amva madzulo, achimwene amachimva asanasukusule. Ine ndikufuna chiwadzidzimutse.

Mawa ndilawirire kukagula nkhuku yamoyo. Mwini mbumba sadya ya mufiriji.

Loweruka

M'mawa.

Ndabwera ndi nkhuku kukhwapa. Chitseko chili chotsegula, mipando ili pakhonde, fungo la polishi mpaka pageti. Alamu amanga chitenje m'chiuno, akufinya chikolopa.

Ndatula nkhuku, ndathamangira kubedi.

Ndinayiwala bwanji? Mkazi wolangidwa akagona kwa alamu ake sadikira kuuzidwa, amadzuka ndi tsache. Ine ndemwe ndimatero ndikapita ku Ceres. Ine ndemwe ndinawalangiza zimenezi pa ukwati wawo, anthu n'kuwomba m'manja!

Asesa paliponse. Akolopa. Bedi alisuntha. Mbale ya maluwa yatsukidwa, ili m'beseni ikung'anima. Ndathamangira ku bini, ndapeza amastandi athiramo kale masamba a tiyi ndi makoko a mbatata, pamwamba pake mvula.

Alamu andikokera pambali, mawu otsika, nkhope yodzaza chisoni chokoma: "Musadandaule alamu, sindiuza munthu. Ntchito za azunguzi n'zotopetsa, munthu umafika poyiwala pako. Koma pambale ya alendo, alamu."

Ine, amene adona amandibwereketsa kwa anzawo akamalandira alendo! Ndipo sindingakalipe. Munthu wakusesera nyumba umamuthokoza. Ndapinda bondo, ndawomba m'manja, ndati zikomo kwambiri alamu, mwagwira ntchito.

Masana.

Tiya wafika, wagwada, wapereka moni kwa atsibweni ake. Nkhuku ili pamoto. Achimwene ali pampando wabwino, chipewa pabondo. Ayamba: mwana wawerenga mokwanira, ntchito ilipo, kumeneko akadwala amuona ndani, zikavuta timutenga bwanji, nanga akakabwerako ndi mwamuna amene kwawo sitikudziwa? Zina mwa izo n'zomveka, ndivomere. Sakulankhula ndi nkhanza, akulankhula ndi mantha.

Ndati ndiyesebe. Ndatulutsa baluni ndi wigi. Ndafuna fumbi. Mulibe! M'nyumba monse mulibe ngakhale kamodzi, alamu agwira ntchito yotamandika. Ndayendetsa chala pamwamba pa chitseko, chabwerera choyera. Panja matope okhaokha. Ndang'amba tizipepala, ndakhula baluni, tizipepala tangogona. Ndili chiyimire, wigi kudzanja ili, baluni kudzanja ilo, ndikufotokoza za dziko lomwe linali pambale. Ndikuonetsa ndi manja kukula kwake.

Alamu agwira pakamwa, tsopano amvetsa chimene anataya. Tiya wayamba kuseka, kenako ndaona kuti si kusekanso. "Amayi, sabata yonse mumapanga zimenezi?"

Achimwene apukusa mutu: "Mwaona? Sukulu imeneyi yayamba kale kuzunguza mutu amake. Sapita."

Tiya ali chigwadire, sakuyang'ana atsibweni ake, akuyang'ana ine. Mwana ameneyu akanatha kungokwera ndege osauza munthu, ana a ena amatero. Wabwera kudzagwada chifukwa ndi mmene ndinamulerera.

Chibadwire sindinawatsutsepo achimwene. Ndi amene anayika maliro a mwamuna wanga, anandipezera ntchito yoyamba, anandiphunzitsa kukwera sitima. M'manja ndilibe chowaonetsa. Ndangomva pakamwa panga pakunena: "Apita, achimwene. Pepani, koma apita."

Avala chipewa pang'onopang'ono. "Chabwino. Mbumba mwayitenga, ndi yanu. Tsiku la chinkhoswe chake mudzafune wina wokhala kutsogolo." Atuluka mumvula momwemo. Alamu atola thumba lawo, pakhomo andifinya dzanja mwamsanga n'kuwatsatira. Nkhuku inali isanapse.

Lamulungu

Dzuwa latuluka, kunja kwauma gwa. Lero baluni ikanagwira ntchito. Kaya.

Ndayimba foni ku Ceres. Ikuyitana, osayankha. Ndayimbanso potuluka m'tchalitchi, chimodzimodzi. Alamu atumiza uthenga: anafika bwino, achimwene sanadye chamadzulo, ndiwapatse nthawi. Nthawi ndiwapatsa, china chowapatsa ndilibe. Mwina pa Khirisimasi, mwina ayi. Ndimawadziwa, tinayamwa bere limodzi.

Kutchalitchi ndapita ndi duku. Pa zolengeza ndayimirira ndekha: mwana wanga akupita ku Jeremani kukaphunzira za fumbi. Ndatchula liwu lomwelo, fumbi, mokweza, kuti ndi akumbuyo omwe amve. Ena aseka, ena awomba m'manja, amayi aliza nthungululu.

Nkhuku tadya awiri, ine ndi Tiya, yogona. Nthutumba, imene ndinasungira achimwene, palibe wayikhudza.

Tikudya mpamene zandifika. Sabata yonse ndalimbana kuti apite, sindinakhale pansi n'kamodzi komwe kuganiza kuti akupitadi. Lamulungu ngati lero sazitsikanso sitima pa Langa. Walira mvula walira matope. Ndalira pang'ono kuseri kwa chitseko, ndanamizira tsabola. Ndikunyada, ndiponso ndili ndi mantha, zonse pamodzi.

Tiya akufunsa ngati ndingamubwereke chikwama chachikulu chili pamwamba pa wadiropu. Ndi chimene ndinabwera nacho kuchokera ku Dedza. Achimwene ndi amene anachisenza pamutu kuchokera pa depoti, ine pambuyo pawo, Tiya kumsana. Ndati atenge. Zipi yake inafa kalekale. Mawa ndinyamuka nacho, pa Wynberg pali telala wa ku Mangochi amakonza.